Tisanaumbe njerwa, tidayamba takwera Soche

Abale anzanga a geni, tiyeni tivomerezane chinthu chimodzi: ife anthu a pamsika sitiyang'ana kumwamba. Maso athu amakhala pa benchi, pa kachikwama ka ndalama ndi pa manja a kasitomala basi. Ine ndagulitsa kaunjika mu msika wa Limbe zaka 19, ndipo m'mawa uliwonse phiri la Soche limakhala lili apo ndithu. Koma mukadandifunsa kuti pamwamba pake pali chiyani, ndikadakuuzani kuti kafunseni azungu kapena anthu a mapemphero. Kukwera phiri popanda chokatenga ndinkakuona ngati masewera a anthu okhuta.

Chomwe chidandikweza phirili ndi ngongole.

Alamu anga, amuna a mlongo wanga, amagulitsa makala ku Chilobwe. Nyumba yawo idali kumtunda kwenikweni, kumene msewu umathera n'kuyamba miyala. Usiku wa pa 12 kucha wa pa 13 Malichi 2023, namondwe wa Freddy atakhuthula mvula masiku angapo osapuma, phiri lidatsika ndi matope, miyala ndi mitengo. Nyumba ija idapita yonse. Iwo adapulumuka chifukwa mlongo wanga adakana kugona. Ati adamva phiri likulira ngati malole ambiri akubwera nthawi imodzi, ndiye adadzutsa ana n'kuthawira kwa mnzake kumunsi. Anansi awo a nyumba yachitatu sadathawe. Ena adawapeza m'matope, ena mpaka lero sadaoneke. Dziko lonse lidataya anthu oposa 1,000 pa namondweyu, ndipo boma lidalengeza masiku 14 olira maliro.

Banja la alamu lidakhala kaye pa sukulu ina pamodzi ndi anthu ena othawa, kenaka lidapeza kachipinda ka lendi ku Zingwangwa. Anthu asanu ndi mmodzi, chipinda chimodzi.

Mu Epulo 2024 alamu adafika pa benchi langa. Adayamba ndi kupatula majekete ngati akufuna kugula, kenaka adatsokomola.

"Alamu, mundibwereke K400,000 ndiumbe njerwa. Puloti ilipo, ndi yanga. Lendi yanditopetsa ine."

"Puloti iti, alamu?"

"Yomwe ija."

Inu mukudziwa chomwe K400,000 imatanthauza kwa munthu wa kaunjika, makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Umenewo udali mpamba wa belo la majuzi, ndipo nyengo yozizira, yomwe ife timakololera, idali pakhomo. Kukana mlamu n'kovuta, pajatu mawa ukadwala ndiye amene adzakunyamule. Kuvomera nakonso kudandiwawa mumtima, poti m'nyumbamo mudzagona mlongo wanga ndi aphwanga. Pofuna kuzemba ndidangoti, "Tiyeni tikaone kaye kumene madzi aja anachokera." Ndinkayesa akana. Iwo adangoti, "Lamulungu liti?"

Tsono Lamulungu lina mu Meyi, 5 koloko m'mawa, ndidakwera minibasi ya ku Chilobwe. M'jumbo ndidaika mbatata zophika, nthochi, manachesi a ku Mwanza ndi mabotolo awiri a madzi. Kumapazi ndidavala nsapato za pa benchi langa lomwe, zija zidakana kugulidwa miyezi itatu. Tidalipo atatu: ine, alamu ndi mphwanga wamkulu wa Fomu 3, yemwe phirili amalidziwa ngati khonde la kwawo.

Amene mukufuna kukwera phiri, masika ndiye nthawi yake. Mvula imakhala itakata, njira zauma, dzuwa silinayambe ukali wa mu Okutobala, ndipo utsi wa moto wa tchire sunaphimbe dziko. Kungoti masika a 2024 adali a dzina lokha. Ng'amba ya El Niño idapsereza chimanga, mpaka mu Malichi chaka chimenecho boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. M'timinda ta m'mbali mwa phiri tidapeza mapesi aafupi, zisononkho zake ngati chala. Chomwe chidachita bwino ndi nandolo, chisoso ndi udzu wa tsekera, womwe udali utayamba kufiira ndipo unkatipitirira kutalika.

Tisanalowe m'tchire tidaima pa puloti ya alamu. Abale, palibe chomwe chidatsala kupatula kachidutswa ka simenti ka pakhonde. Pamene padali chipinda chogona padali chimwala chachikulu kuposa minibasi ija ndidakwera. Alamu adachimenya ndi dzanja ngati mbuzi ya pa msika.

"Ichi tiswa. Anyamata aphwanya, tigulitsa kwale, ndalama yomweyo tigulira malata."

Munthu wa geni ndi wa geni basi. Mwala womwe udafuna kumupha, iye wauwerengera kale phindu.

Chapafupi ena adali atayamba kale kumanga. Ndidawerenga nyumba zinayi za njerwa zatsopano, ina ili ndi malata owala. Pa wailesi akuluakulu adalankhula kambirimbiri kuti anthu asabwererenso m'mbali mwa mapiri. Koma munthu amene geni yake ili pa msika wa Chilobwe, ana ake ali pa sukulu ya pompo, mukamuuza kuti achoke amafunsa funso limodzi: ndipite kuti, ndikadya chiyani? Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 800,000 mu mzinda wa Blantyre. Malo athyathyathya adatha kalekale, ndipo otsalawo mtengo wake si wa munthu wogulitsa makala. Wosauka amakwera phiri chifukwa kumunsi kulibe malo ake.

Kuchoka pa puloti tidatsata chigwembe chomwe madzi adakumba. Poyamba ndinkayesa ndi mtsinje wakale, koma mphwanga adati, "Ayi amalume, apa panali njira yathu yopita kotola nkhuni. Zonsezi zinachitika usiku umodzi." M'malo ena chigwembecho n'chakuya kuposa nyumba. M'mbali mwake dothi lofiira lili lende, mizu ya udzu ikulendewera. Pansi pake pali thanthwe loyera ngati alikwecha ndi sopo.

Apa m'pamene ndidamvetsa momwe zimachitikira. Dothi la paphiri si lakuya ayi, langokhala ngati bulangete loyalidwa pa thanthwe lotsetsereka. Mvula ikagwa masiku ambiri, dothilo limamwa madzi mpaka kukhuta, limalemera, ndipo madzi ena amayenda pansi pake pakati pa dothi ndi thanthwe. Zikatero bulangete lija limatsetsereka, n'kutenga miyala yonse yomwe idakhala pamwamba pake. Mizu ya mitengo ikuluikulu imathandiza kumanga dothilo, komanso masamba ake amachepetsa liwiro la madzi. Mitengo ikachoka, pamatsala udzu ndi mapesi. Ndiye ife tikamasema phiri kuti tipeze pomanga nyumba, timakhala tikudula mwendo wa dothi la kumtunda.

Makolo athu zoterezi ankazitcha Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chomwe chikamasamuka chimagumula chilichonse pa njira yake. Napolo adadutsa ku Zomba mu 1946. Adadutsanso ku Phalombe mu Malichi 1991 n'kupha anthu mazanamazana. Kaya mumati chinjoka kaya mumati madzi, chomwe akuluakulu ankanena n'chimodzi: pomwe wadutsa Napolo sumangapo nyumba, chifukwa njira yake saiwala.

Titayenda ngati mphindi 40 mtima wanga udayamba kugunda m'makutu. Ine amene ndimanyamula belo pamutu kuchoka pa depoti mpaka pa benchi, ndidapezeka ndagwira mawondo. Mphwanga ankangodumpha miyala ngati mbuzi. Alamu, poti adazolowera kukankha njinga ya matumba atatu a makala, ankangondiseka.

"Alamu, ndalama zikukulemerani m'thumba. Mukanandipatsa dzana bwenzi mukuuluka."

Tidakumana ndi mayi wina akutsika ndi mtolo wa nkhuni pamutu, mwana kumbuyo. Nkhuni zake zidali tinthambi tating'ono ndi zitsa zokumba.

"Mwadzuka bwanji mayi? Mwalawiratu."

"Ndadzuka bwino bambo, kaya inu. Kulawira n'kumeneku, mukachedwa mupeza anzanu atola."

"Mitengo ikuluikulu kulibe kodi?"

"Iii, yatsala kumtunda kokha. Ifenso tikudziwa kuti n'kulakwa, koma nsima siipsa ndi mawu."

Sindidamuyankhe. Ndikadati chiyani, poti kwathu ku Bangwe mbaula imayaka kawiri pa tsiku? Makala omwe alamu amagulitsa amachokera kutali, cha ku Mwanza ndi ku Neno, kumene mapiri a eni ake nawonso akumetedwa kuti ife a m'tauni tidye nyemba zakupsa. Lamulo la nkhalango adalikhwimitsa mu 2020, zilango zidakwera, koma magetsi akazima kapena mayunitsi akatha, tonse timathamangira thumba lomwelo. Pa nkhani iyi palibe wa m'manja moyera, kuyambira wa chiwaya cha tchipisi mpaka bwana wa tayi.

Chapakati pa phiri ndidachita ngozi ya uchitsiru. Pofuna kudzikoka pa malo otsetsereka ndidagwira chingwe cha mtengo osayang'ana. Chitedze! Amene mudakulira kumudzi mukudziwa kuti masika ndi pamene chitedze chimakhwima. Dzanja lonse mpaka m'khosi mudayaka moto. Ndidavula shati, ndidadzikanda, ndidatukwana m'zinenero zitatu pa tsiku la Mulungu. Mphwanga adandipaka dothi louma uku akulira ndi phwete. Safunsa adadya phula, ine wosayang'ana ndidagwira chitedze.

Kumtunda zinthu zidasintha. Tidalowa m'kankhalango komwe katsala, mitengo yeniyeni yachilengedwe, yokutidwa ndi ndere. Mphepo yake yozizira, pansi ponyowa ngakhale mvula idali itakata kale, masamba owola ofewa ngati matiresi. Ndidakumba ndi chala: dothi lakuda, lonunkhira, mizu yolukanalukana ngati mkeka. Mamita ochepa chabe kumunsi dothi lidali lofiira, louma, longoyoyoka. Kankhalango kameneka kadatikumbutsa momwe phiri lonse lidalili. Kameneka ndi kochepa moti mphindi zingapo tidali titatulukamo.

M'mapanga ndi pa miyala tidapeza magulu a mapemphero. Ena adagona komweko. Amayi atatu atagwada moyang'ana kum'mawa, bambo wina ali yekha ndi Baibulo, akufuula mpaka mawu kusasa. Tidadutsa mwakachetechete. Mphwanga adandinong'oneza kuti ambiri amapempherera ntchito, banja ndi geni. Ndidati mumtima, ngati pemphero limafuna thukuta, awa ndiye alipira kale.

Chakumapeto njira imatha, pamatsala miyala yokhayokha yofuna manja ndi mawondo. Apa ndipomwe chiperoni chidatipeza. Mtambo udangobwera kuchokera kum'mwera chakum'mawa, kuja kuli phiri la Chiperone ku Mozambique komwe dzinali lidachokera, ndipo mwadzidzidzi sindinkamuonanso mphwanga yemwe adali patsogolo panga. Kamvula kosaoneka kadanyowetsa thanthwe. Nsapato zanga za kaunjika zidayamba kutsetsereka. Kunena zoona ndidachita mantha, ndipo ndidati tibwerere. Alamu adati tikhale pansi tidikire. Tidabisala kuseri kwa mwala, tikudya mbatata, mano akugundana. Ine wogulitsa majuzi ndidalibe juzi.

Patatha ngati theka la ola mtambo udang'ambika. Tidakwawa pang'ono, ndipo cha m'ma 9 koloko tidaima pamwamba pa Soche, mamita oposa 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene mzinda womwe uli pa mamita ngati 1,000.

Abale, Kabula ndi wamkulu, koma ukamuona kuchokera kumwamba amakwana m'maso onse. Uko Limbe, mashedi a okushoni ya fodya akuwala, poti idali nyengo yake. Ndidafunafuna msika wathu mpaka ndidaupeza: kachigamba ka malata kosakwana chikhatho. Zaka 19 za kukangana ndi makasitomala pa K200, zonse zili m'kachigamba kameneko. Pakati Chichiri ndi bwalo la Kamuzu, msewu wa Masauko Chipembere ukulumikiza Limbe ndi Blantyre, matauni awiri omwe adaphatikizidwa mu 1956. Cha uko Blantyre mwini, kumene amishoni a ku Scotland adafika mu 1876 n'kumanga tchalitchi cha St Michael and All Angels chomwe chidatha mu 1891. Kuzungulira konse mapiri: Michiru, Ndirande, Mpingwe, Bangwe, patali Chiradzulu, ndipo kutali zedi Mulanje atakhala phee pamwamba pa mitambo, kumene kuli Sapitwa wa mamita 3,002.

Ndirande ndiye adandiwawa. Ndili mnyamata phiri lija lidali lakuda ndi mitengo. Titavota pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, matipate atabwera mu 1994, anthu ena adamva ngati demokalase ndiye kuti nkhwangwa nayonso yamasulidwa. Zaka zochepa chabe phiri lidatsala mpala. Ufulu tidaufuna ndipo sitingaubweze, komatu ngongole ya nkhwangwa ija tikuibweza mpaka lero.

Kenaka alamu adandikoka dzanja. "Alamu, bwerani muone kuno."

Tidasuzumira mbali ya ku Chilobwe. Kuchokera pamwamba, zipsera za Freddy zimaoneka bwino lomwe: mizere yofiira yotsika phiri ngati chilombo chidalikanda ndi zikhadabo. Mzere uliwonse umayamba waung'ono kumtunda, n'kumakula potsika, mpaka kukalowa pakati pa nyumba. Mphwanga adaloza ndi chala. "Ababa, mwala wathu ndi uwo." Tidautsata mzerewo ndi maso kuchokera pa puloti kubwerera kumtunda. Udali wolunjika ngati adaujambula ndi lula. Ndipo chakumtunda kwa chigwembecho, m'mbali mwake, mudali miyala ina, ikuluikulu kuposa ija, theka lili m'dothi theka lili panja, dothi la pansi pake litakokoloka kale.

Tikadali pa puloti m'mawa muja, miyala imeneyi sinkaoneka. Udzu ndi kutsetsereka kwa phiri zimaibisa.

Alamu adakhala pansi. Adatenga nachesi, adasenda, koma sadadye. Patapita nthawi adati, "Nanga aja amanga kale aja, akudziwa?"

Ndidayesa kuwalimbitsa mtima kuti Freddy sabwera chaka chilichonse. Namondwe uja adali wachilendo ndithu: adabadwira kufupi ndi Australia mu Febuluwale 2023, adawoloka nyanja yonse ya India, adamenya Madagascar, adalowa Mozambique kawiri, ndipo akatswiri a zanyengo a dziko lonse adamulemba kuti ndiye adakhalitsa kuposa onse, masiku 36. Mvula yake idagumula ngakhale mapiri a ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndiye sitinganene kuti mitengo yokha ikadaletsa zonse. Koma ndili mkati molankhula ndidayamba kuwerenga ndekha: madzi osefukira a 2015, Idai mu 2019, Ana mu Januwale 2022 yemwe adaononga Kapichira n'kutisiya mu mdima, Gombe chaka chomwecho, Freddy mu 2023. Ndidasiya kulankhula. Nyumba munthu samangira chaka chimodzi.

"Alamu," ndidatero, "ndalama ija ndikupatsani. Koma ya njerwa pamalo paja, ayi. Mlongo wanga anamva phiri likulira kamodzi. Tsiku lina adzakhala atatopa, adzagona."

Sadandiyankhe. Akhwangwala awiri ankazungulira pansi pathu, ndipo kumunsi mabelu a matchalitchi adali atayamba kulira.

Kutsika kudali kowawa kuposa kukwera. Mawondo ankanjenjemera, zala zikukankha kutsogolo kwa nsapato, thalauza lonse lili chisoso chokhachokha. Tidafika pa puloti cha m'ma 12 koloko. Alamu adaima pa kachidutswa ka khonde kaja nthawi yaitali, akuyang'ana kumtunda kumene tidachokera. Kenaka adapita pa nyumba ya malata owala ija n'kugogoda. Zomwe adakambirana ndi mwini wake sindidamve, ndidangoona akuloza phiri, winayo akupukusa mutu.

Ndalama ndidawapatsa Lachitatu lake, K250,000, yotsalayo ndidaoda kabelo kakang'ono ka majuzi. Iwo adalipira lendi ya miyezi ingapo pa nyumba ya zipinda ziwiri, yotsala adaonjezera mpamba. Puloti sadagulitse. Ati kugulitsa kwa munthu wina n'chimodzimodzi kumukumbira manda. Mu Disembala chaka chomwecho mvula itayamba, iwo ndi mphwanga adadzalapo mbande za mibawa ndi nsungwi. Zina mbuzi zidadya, zina zidagwira. Sindikunamizani kuti nkhani yatha bwino: lendi ikadawawawabe, ngongole yanga yatsala theka, ndipo masiku ena akakwiya ndi landilodi amayambanso kutchula za njerwa.

Tsono inu anzanga a mu Limbe, a ku Ndirande, a ku Zingwangwa, a ku Bangwe, ambiri a ife timagona m'mbali mwa mapiri amenewa. Wina akakuuzani kuti pali puloti yotchipa kumtunda, musangoyang'ana mtengo ndi kukula kwake. Belo sitigula osalisuzumira. Tsekani benchi Lamulungu limodzi m'masika, mukwere mukaone chomwe chili pamwamba pa denga lanu. Nyamukani kusanatenthe, musapite nokha, pezani mwana wa komweko wodziwa njira. Tengani madzi okwanira, chakudya ndi nsapato zogwira pansi. Mtambo ukabwera khalani pansi mudikire, osathamanga. Chingwe chilichonse cha m'tchire muyambe mwachiyang'ana musanachigwire. Ndipo juzi musaiwale. Ngati mulibe, benchi langa mukulidziwa, tidzamvana mtengo.